Cedar Key kapena Tarpon Springs: Mudzi wa Asodzi ndi Tauni ya Agiriki

Gombe la kuzambwe kwa chigawo cha Florida, m'dziko la America, layang'anizana ndi nyanja ya Gulf of Mexico, ndipo pagombe limeneli pali malo awiri amene alendo amavutika kusankhapo nthawi ikawachepera. Oyamba ndi Tarpon Springs, tauni ya anthu pafupifupi 25,000 yomwe ili m'mbali mwa mtsinje wa Anclote, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera mumzinda wa Tampa. Tauniyi inatchuka ndi Agiriki amene anabwera kudzasaka siponji pansi pa nyanja, ndipo mwa matauni onse a ku America, kuno ndi kumene zidzukulu za anthu ochokera ku Greece zili ndi gawo lalikulu kwambiri pa chiwerengero cha anthu. Achiwiri ndi Cedar Key, kamudzi ka anthu pafupifupi 700 kokhala pa tizilumba chakumpoto, pamene msewu wa State Road 24 umathera. Kuchokera ku Gainesville, mzinda umene uli pafupi, pali makilomita oposa 80 a nkhalango ndi madambo, ndipo munthu akawoloka mlatho womaliza alibenso kwina kolowera koma kudzabwerera njira yomweyo.

Ambiri akafunsidwa, nkhaniyi amaidula msanga. Amati Cedar Key ndi Florida wamakedzana, mudzi umene nthawi inaulambalala, pamene Tarpon Springs ndi msika wokonzera alendo kumene Chigiriki chinasanduka malonda. Ine ndikuti munthu amene ali ndi mpata umodzi wokha apitedi ku Cedar Key, koma zifukwa ziwiri zimene anthu amaperekazi ndikuzikana zonse. Mudzi wa Cedar Key wasinthapo kangapo konse, ndipo kusintha kulikonse kunali kowawa. Tauni ya Tarpon Springs nayo si chionetsero. Chofunika kufunsa pa malo aliwonse a m'mbali mwa nyanja n'chakuti anthu ake akudyera chiyani lero, ndipo nyanjayo ili ndi gawo lanji pa chakudya chawo. Malo awiriwa anakula ndi chuma chachilengedwe, anachiona chikutha m'manja mwawo, kenako anapulumuka mosiyana. Ku Tarpon Springs anasunga mtundu ndi chikhalidwe pamene ntchito ya panyanja inkachepa. Ku Cedar Key anasunga ntchito ya panyanja posintha kagwiridwe kake. Chachiwirichi mlendo wa masiku awiri kapena atatu angathe kuchiona ndi maso ake, koma choyambacho chimafuna nthawi ndi chibale zimene mlendo alibe.

Amene amati Cedar Key sanasinthe sadziwa kuti mudziwu unali doko lotchuka. Mu 1861 kunafika njanji yoyamba kudutsa Florida kuchokera kugombe la Atlantic, njanji ya makilomita pafupifupi 250 yoyambira ku Fernandina, imene David Levy Yulee, phungu wa nyumba ya Senate, anailimbikira kwa zaka zambiri. Cholinga chake chinali chakuti katundu azidutsa pamtunda m'malo moti zombo zizizungulira kum'mwera kwa Florida, kumene miyala ya pansi pa madzi inaswa zombo zosawerengeka. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America inabuka chaka chomwecho n'kusokoneza zonse, koma itatha dokolo linadzuka. Mu 1867 John Muir, amene anadzatchuka pa ntchito yoteteza zachilengedwe, anamalizira kuno ulendo wake wapansi wa makilomita pafupifupi 1,600, ndipo anagonako miyezi ingapo akudwala malungo. Anapeza mudzi wa macheka ndi zombo. Chuma chenicheni chinali mkungudza wofiira, mtengo wofewa umene umasongoka bwino, ndipo makampani a mapensulo a Eberhard Faber ndi Eagle ankaucheka timatabwa n'kumatumiza kumafakitale akutali. Ana asukulu a m'mayiko ambiri ankalembera mitengo ya kuno osadziwa. Mitengoyo ankangodula osabzalanso, ndipo pomafika m'ma 1890 inali itatsala pang'ono kutha. Malonda a padoko nawo anali atayamba kale kuthawa, chifukwa mu 1884 njanji ya Henry Plant inafika ku Tampa, kumene madzi a padoko amalola zombo zazikulu.

Pa 29 Seputembala 1896 namondwe anamaliza zimene nkhwangwa zinayamba. Madzi anakwera mamita pafupifupi 3, macheka anagwa, ndipo chilumba cha Atsena Otie, pamene mudzi woyamba unali, anthu anachisiya pang'onopang'ono mpaka lero pangotsala manda ndi tchire. Sitima yomaliza inachoka mu 1932. Otsalawo anatembenukira kunyanja: ankatola nkhono za oyster pamiyala ndi kutchera nsomba ya mullet. Nsomba imeneyi imadya ndere ndi zinthu za m'matope, choncho kawirikawiri siluma mbedza, imafuna ukonde, ndipo kwa mibadwo ingapo inali ndiwo ya anthu wamba m'gombe lonselo. Mu 1990 boma linatseka malo ambiri otolako oyster chifukwa madzi anali ataipitsidwa ndi zonyansa zochokera m'zimbudzi za m'nyumba. Kenako mu Novembala 1994 anthu a ku Florida anavota pa riferendamu yoletsa machera m'madzi onse a chigawocho, ndipo 72 pa 100 alionse anavomera. Lamulolo linalowa m'malamulo aakulu a chigawo n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 1995. Anthu a kunyanja ya Malawi amadziwa kutseka nyanja kwa miyezi yochepa kuti chambo chiswane, ndipo amadziwa njala imene imalowa m'nyumba za asodzi pa miyezi imeneyo. Ku Cedar Key machera anawatsekera kosatsegulanso.

Lamulo limeneli lili ndi mbali ziwiri ndipo sindifuna kubisa iliyonse. Nsomba zinali zikuchepadi, makamaka chiyambire pamene mazira a mullet anapeza msika wa ndalama zambiri ku Asia, zimene zinachititsa kuti asodzi azigwira nsomba zazikazi nthawi yoswana. Machera ankakolanso akamba a m'nyanja ndi zamoyo zina zosafunidwa, ndipo ataletsedwa mullet anachulukanso. Komabe amene anatsogolera kampeniyo anali mabungwe a anthu owedza mongosangalala, ndipo amene anavota anali mamiliyoni a anthu a m'mizinda ngati Miami ndi Orlando, oti sanagwirepo ukonde ndipo sanataye kanthu. Mtengo wonse wa chigamulocho unagwera mabanja ochepa a m'midzi ya m'gombe. Munthu angathe kuvomereza kuti nsomba zinafunika kupuma, n'kuonabe kuti kagawidwe ka ululuwo sikanali kolungama.

Zimene zinatsatira kutsekedwa kwa oyster ndi machera ndi zimene zikundichititsa kunena kuti mudziwu ndi wofunika kuuona. Kudzera m'mapulogalamu awiri a boma, Project OCEAN ndi Project WAVE, anthu pafupifupi 200 amene ankatola oyster ndi kutchera machera anaphunzitsidwa kulima clam, nkhono ya zigoba ziwiri imene imakhala m'matope a pansi pa nyanja. Aliyense anabwerekedwa ndi boma munda wa pansi pa madzi wa maekala ochepa. Timbewu ta nkhonozi timaswedwa m'matanki kumtunda tili tating'onoting'ono, timaleredwa mpaka titakhwima pang'ono, kenako timaikidwa m'matumba a ukonde amene amakhomedwa pansi pa nyanja m'mizere. Mlimi sagula chakudya cha ziweto zake, chifukwa nkhonozo zimasefa madzi n'kumadya tizomera tosaoneka ndi maso. Pakatha chaka kapena chaka ndi theka amazula matumbawo, kutsuka nkhonozo, kuzisankha malinga ndi kukula kwake, ndipo magalimoto ozizira amazitengera kumisika ya m'mizinda yakutali. Ngakhale maboti akale a mullet sanatayidwe. Maboti amenewa, otchedwa bird dog, injini yake ili chakutsogolo kuti kumbuyo kukhale malo oponyera ukonde, ndipo malo omwewo ndi amene lero amakwezerapo matumba. M'zaka zochepa chabe kamudzi kameneka kanayamba kutulutsa gawo lalikulu la clam yense wolimidwa ku Florida. Msodzi amene anazolowera kusaka anaphunzira kudikira, kuwerengera mbewu ndi kusunga mabuku, ndipo si onse anakwanitsa. Ena anasamuka, ena anakana mpaka imfa kutchedwa alimi.

Ulimi umenewu unabweretsa mwambo umene malamulo okha sakanaubweretsa. Nkhono yosefa madzi imasunga m'thupi mwake chilichonse chimene chili m'madzimo, ndiye madzi akangoipa boma limatseka minda ndipo mudzi wonse umagona ndi njala. Anthu amene anaona oyster akutsekedwa mu 1990 sanafune kuonanso zimenezo, choncho anachotsa zimbudzi zokumba n'kulumikiza nyumba zawo ku mapaipi a zonyansa, ndipo amayang'anitsitsa aliyense wofuna kumanga zazikulu m'mbali mwa madzi. Kusowa kwa nyumba zosanja zitalizitali, kumene alendo amakutcha mwayi kapena kutsalira, mbali ina n'chipatso cha ntchito imeneyi. Mbali ina n'chifukwa chakuti zilumba zozungulira zinatetezedwa kuyambira 1929 monga malo a mbalame, ndiponso kuti gombe la kuno ndi la matope ndi udzu, lopanda mchenga woyera umene umakopa omanga mahotela. Zonsezi zimaonekera poyera. Nyanja ya kuno imaphwa ndi kudzaza tsiku lililonse, ndipo munthu woima padoko m'mawa amaona maboti akutuluka motsatira madzi, masana amaona matumba akutsitsidwa ndi nkhono zikusankhidwa m'mashedi a m'mbali mwa msewu, madzulo n'kudya zomwezo. Ntchito imene ikudyetsa mudzi ndi yomwe mlendo akuiona, ndipo ikanachitikabe chimodzimodzi iye akanapanda kubwera.

Mbiri ya Tarpon Springs nayo ndi ya chuma cha pansi pa madzi. Siponji yachilengedwe, chinkhupule cha m'nyanja, ndi nyama yamoyo imene imamera pamiyala. Ikamavuulidwa imakhala yakuda ndi yoterera, ndipo imaunjikidwa m'boti n'kufunditsidwa ziguduli zonyowa mpaka mnofu wake utaola n'kutsukidwa, kotero kuti chimene chimagulitsidwa ndi mafupa ake ofewa. Kale, siponji zopangidwa m'fakitale zisanabwere, inkafunika m'zipatala, m'mafakitale ndi m'nyumba. John Cheyney anayambitsa malondawa m'tauniyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo oyamba kugwira ntchitoyo anali anthu ochokera ku Key West ndi ku Bahamas, ambiri a iwo akuda. Iwo ankasuzumira pansi kudzera m'ndowa yokhala ndi galasi kunsi kwake, n'kumakola siponji ndi ngowe ya mtengo wautali, njira imene imatheka pamadzi osaya pokha. Mu 1905 Mgiriki wina wogula siponji, John Cocoris, anaitanitsa anthu a kwawo odziwa kutsikira pansi pa nyanja atavala chovala cholimba ndi chipewa chamkuwa, akupuma mpweya wopopedwa m'paipi kuchokera m'boti. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anabwera mazanamazana kuchokera kuzilumba za Kalymnos, Symi ndi Halki, zomwe pa nthawiyo zinali pansi pa ufumu wa Ottoman, ndipo anatsegula minda ya siponji ya madzi akuya imene ngowe sinkafikako. Kalumoko kanacheka mbali zonse: anthu a ngowe a ku Key West anaona chakudya chawo chikulandidwa, ndipo maboti ena a Agiriki anatenthedwa. Ndi khalidwe lomwelo la anthu a zilumba ndi magombe a ku Greece, lotsatira madzi kulikonse kumene kuli phindu, limene linafikitsa abale a banja la Yiannakis kum'mwera kwa nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1930 kudzayamba usodzi wamalonda, nakonso mkangano wa eni madzi ndi obwera ndi zida zamphamvu sunachedwe.

Ntchitoyo inali yakupha. Munthu akakhalitsa pansi n'kukwera mofulumira, mpweya wa nayitrojeni umachita thovu m'magazi, ndipo ambiri anafa kapena kupuwala miyendo. Komabe m'zaka za m'ma 1930 padoko la Tarpon Springs pankaima maboti pafupifupi 200, ndipo siponji inali imodzi mwa malonda aakulu a Florida. Matenda anagwa m'minda ya siponji chakumapeto kwa zaka zimenezo, ndere zofiira zapoizoni zinapha zotsala cha m'ma 1947, ndipo siponji za m'fakitale zinalanda msika. Malondawa anadzukako m'zaka za m'ma 1980, pamene matenda anawononga siponji za kunyanja ya Mediterranean, ndipo mpaka lero alipo maboti amene amapita kukadula siponji, koma ndi ochepa. Nyumba ya Sponge Exchange, mmene ogula ankapikisana mitengo pamilu ya siponji, lero ndi bwalo la mashopu.

Pamenepa wina angatsutse mwamphamvu, ndipo ayenera kumvedwa. Anganene kuti chikhalidwe sichiyezedwa ndi kuchuluka kwa maboti. Agiriki a ku Tarpon Springs akhalako zaka zoposa 100, ndipo Chigiriki chikuyankhulidwabe m'nyumba, m'malo omwera khofi ndi m'tchalitchi. Tchalitchi chachikulu cha St. Nicholas, woyera amene amalinyero amamutenga ngati nkhoswe yawo, chinamalizidwa mu 1943 ndi miyala ya mabo yochokera ku nyumba yachionetsero ya dziko la Greece pa chionetsero cha mayiko ku New York mu 1939, ndipo chimadzaza ndi eni ake. Boma la America linapereka ulemu wake waukulu wa zaluso za makolo kwa anthu awiri a m'tauniyi: Nikitas Tsimouris mu 1991, woimba tsabouna, chitoliro cha thumba lachikopa cha ku Kalymnos, ndi Nicholas Toth mu 2003, wosula zipewa zamkuwa za otsikira pansi pa nyanja monga ankachitira agogo ake. Mu 2014 dera la Greektown linalembedwa m'kaundula wa dziko wa malo a mbiri chifukwa cha chikhalidwe chamoyo cha anthu ake. Kuwonjezera apo, tauniyi ndi yosavuta kufikako, ili ndi malo ogona ndi odyera ambiri, ndipo banja lokhala ndi ana kapena okalamba silivutika. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndakana mawu akuti tauniyi ndi chionetsero.

Vuto lili pa zimene mlendo amafikira. Moyo wa Chigiriki wa m'tauniyi uli m'maubatizo, m'maukwati, m'maliro, m'sukulu ya chilankhulo ya patchalitchi ndi m'mabungwe a anthu ochokera chilumba chimodzi. Zimenezi ndi za eni ake, ndipo n'koyenera kuti zikhale choncho. Mlendo wa tsiku limodzi amatsikira mumsewu wa Dodecanese Boulevard, m'mbali mwa doko, mmene muli mashopu a siponji, sopo, malaya ndi zigoba, malo odyera opakidwa utoto wobiriwira ngati mtambo ndi woyera, ndi boti limene limatenga alendo kukawaonetsa munthu atavala chipewa chamkuwa akutsikira m'madzi a mumtsinje. Chakudyacho n'chabwino ndipo ochiphika ndi Agiriki enieni. Koma msewu umenewu unakonzedwa poganizira mlendoyo, ndipo chimene akuona ndi chikumbutso cha ntchito imene inamanga tauni. Anthu ambiri a m'tauniyi lero amadyera ntchito zina, ndipo tauniyo inalumikizana kale ndi mizinda yozungulira Tampa, kotero kuti ukachoka padoko pang'ono uli m'misewu ikuluikulu ndi masitolo ofanana ndi a kwina kulikonse ku Florida. Munthu amene ali ndi mnzake wa m'tauniyi womulowetsa m'nyumba, kapena amene angakhaleko mwezi, apeza chuma chimene ku Cedar Key kulibe. Amene alibe zimenezi amabwerako atadya bwino ndi kugula siponji, akuganiza kuti waona zonse pomwe waona khonde lokha.

Winanso anganene kuti ndikukometsera Cedar Key, chifukwa nakonso alendo ndi gawo lalikulu la chuma. N'zoona. Msewu wa Dock Street ndi wa malo odyera ndi omwera omangidwa pamitengo pamwamba pa madzi, nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu opuma pantchito kapena zimabwerekedwa kwa alendo, ndipo mitengo ya nyumba ikukankhira mabanja a alimi a nkhono kumtunda. Kawiri pachaka, pa chionetsero cha zaluso cha mu Epulo ndi pa chikondwerero cha zakudya za m'nyanja cha mu Okutobala, kamudzika kamadzaza mpaka kusowa poponda. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno malonda a alendo ayima pambali pa ntchito ina imene ili ndi mphamvu zake ndi mawu ake pa zochitika za mudzi. Tsiku limene ntchito imeneyo idzagonje, mfundo yanga yonse idzagwa nayo.

Tsiku limenelo likhoza kufika, ndipo ichi ndi chifukwa china chosachedwera. M'miyezi 13 yokha mudziwu unakanthidwa ndi anamondwe atatu. Idalia, pa 30 Ogasiti 2023, anakweza madzi mamita pafupifupi 2 kuposa mlingo wa masiku onse. Debby anatsatira mu Ogasiti 2024, ndipo Helene, pa 26 Seputembala 2024, anakweza madzi mamita pafupifupi 3, nyumba zina n'kuzulidwa pamaziko ake, patangopita masiku ochepa moto utawononga mbali ina ya Dock Street. Matumba a nkhono anakokoloka kapena kukwiririka m'matope, ndipo mlimi amene mbewu yake imafuna chaka ndi theka sangapirire kutaya zokolola chaka ndi chaka. Zoyezera madzi za padokoli, zimene zakhalapo zaka zoposa 100, zikuonetsa kuti nyanja ikukwera. Helene anasefukiranso padoko la Tarpon Springs, koma tauni ya anthu 25,000 yokhala kumtunda, pafupi ndi mzinda waukulu, ili ndi pothawira ndi pogwira. Kamudzi ka pa tizilumba kali ndi msewu umodzi. Ena amaona ngati n'kusalemekeza kupita kukacheza kwa anthu amene akumanganso nyumba zawo. Maganizo amenewa ndi aumunthu, ndipo m'masabata oyamba tsoka litangochitika ndi olondola. Pambuyo pake amasanduka chilango chachiwiri, chifukwa wophika, woyendetsa boti ndi wosamalira zipinda amene nyumba yake inalowa madzi amafunika ntchito kuposa kale.

Pali chinanso chimene njira ya ku Cedar Key imapereka, ngakhale kuti si chokondweretsa. Makilomita pafupifupi 15 musanafike, m'mbali mwa State Road 24, pali chikwangwani cha Rosewood. Umenewu unali mudzi wa anthu akuda okhala ndi nyumba zawo, matchalitchi ndi sukulu, ndipo ambiri a makolo awo anagwirapo ntchito yodula mkungudza uja. M'sabata yoyamba ya Januwale 1923, mkazi wina wachizungu wa m'mudzi woyandikana nawo atanena kuti wamenyedwa ndi munthu wakuda, magulu a azungu anaukira Rosewood, anapha anthu ndi kutentha mudzi wonse. Imfa zimene zinalembedwa ndi za anthu akuda asanu ndi mmodzi ndi azungu awiri, ngakhale opulumuka ankanena kuti ofa anali ambiri. Amayi ndi ana anabisala m'madambo usiku wozizira mpaka sitima inawatenga kupita nawo ku Gainesville, pa njanji yomwe ija ya Yulee. Palibe anabwererako, palibe anaimbidwa mlandu, ndipo nkhaniyo inakwiriridwa kwa zaka pafupifupi 60. Mu 1994 nyumba ya malamulo ya Florida inavomereza kupereka chipukuta misozi cha madola 150,000 kwa wopulumuka aliyense amene anali adakali moyo. Amene amalakalaka Florida wamakedzana ayenera kuima pachikwangwani chimenechi, chifukwa nayenso ndi Florida wamakedzana. Ku Tarpon Springs mbali imeneyi ya mbiri ili kumanda a Rose Cemetery, kumene kunagona ambiri mwa anthu akuda amene anayamba ntchito ya siponji Agiriki asanabwere, koma manda amenewa ali kutali ndi doko ndipo alendo ochepa okha ndi amene amawafuna.

Pali tsiku limodzi pachaka limene uphungu wanga umatembenuka. Pa 6 Januwale Akhristu a mpingo wa Orthodox amakumbukira ubatizo wa Yesu mu Yorodano, ndipo ku Tarpon Springs mwambo umenewu wachitika kuyambira zaka zoyambirira Agiriki atafika, kotero kuti mu 2006 Patriarch Bartholomew wa ku Constantinople, mtsogoleri wa mpingowo, anabwera yekha kudzatsogolera wa zaka 100. Dzulo lake ansembe amadalitsa maboti padoko. Pa tsikulo, mapemphero a m'tchalitchi akatha, khamu limayenda ulendo wa ndawala kupita kudziwe la Spring Bayou, bishopu wamkulu amadalitsa madzi, njiwa yoyera imaulutsidwa, ndipo mtanda umaponyedwa m'madzi kuti anyamata a mpingowo a zaka 16 mpaka 18 audumphire. Woupeza amanyamulidwa pamapewa kubwerera kutchalitchi, kenako kumakhala kudya ndi kuvina mpaka usiku. Pa tsiku limeneli zimene zimakhala m'nyumba chaka chonse zimatulukira pabwalo, ndipo eni ake amazichitira iwo eni ngakhale anthu zikwizikwi akuonerera. Amene ulendo wake wagwera sabata imeneyo asaganizenso kawiri, apite ku Tarpon Springs, ndipo malo ogona awasungitse miyezi ingapo nthawi isanakwane. Masabata ena onse apite ku Cedar Key, pakati pa sabata pamene maboti ali pantchito, atadzaza mafuta m'galimoto ku Gainesville kapena m'tauni ya Chiefland, ndipo ngati n'kotheka apewe nyengo ya anamondwe, imene imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, makamaka miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala.